Akuti Dwangwa ikhala boma palokha, ndigule poloti kapena ndidikire?

Membala wobisa dzina:
Muli bwanji a gulu. A admin chonde mundibisire dzina, achibale a bambo a kunyumba adzaza momuno. Ine ndimakhala pa Dwangwa, ndimagulitsa zitenje ndi kaunjika pamsika. Bambowo ali ku Joni, amatumiza kangachepe mwezi ndi mwezi, koma ndalama zikangolowa pafoni alamu anga amakhala atamva kale, kaya amawauza ndani. Mwezi watha anabwereka njinga yamoto ati akafike pa Nkhunga pompa, anadzabweza usiku tayala litaphulika, mafuta mulibe, ngakhale pepani. Apongozi nawo ati ndalama za mwana wawo ndikudya ndekha. Eni nyumba akweza lendi, pomwe denga likudontha pabedi penipeni, ndimachita kutchera beseni.

Nkhani yanga ndi iyi. Pali bambo wina amene timapemphera naye, akugulitsa poloti. Akuti Dwangwa posachedwa ikhala boma palokha, tisiyana ndi Nkhotakota, kubwera DC wathuwathu, chipatala chachikulu ndi maofesi, ndiye malo akwera mtengo osati masewera. Akufuna K3.5 miliyoni, ndipo ati ndikapanda kuyankha pofika Lachisanu apatsa munthu wina wa ku Lilongwe amene wayamba kale kuwaimbira. Ndalama zake ndi za banki mkhonde kuphatikiza zomwe amatumiza bambo aja. Tulo sindikuliona. Kodi nkhani ya boma latsopanoyi ndi yoona? Ndigule? Osandinyoza chonde, BP yanga ndi yokwera kale.

Mwana wa Linga:
ZABODZA ZIMENEZO. Nkhotakota ndi imodzi ndipo idzakhala imodzi. Ana inu mwabwera dzulodzuloli ndi nzimbe zanuzo, lero mukufuna kutidulira boma? Mukudziwa kuti mu 1863 Livingstone anakhala pansi pa mtengo kuno ku Linga, pa boma la Nkhotakota, kukambirana ndi Jumbe za malonda a akapolo? Mtengowo ulipo, bwerani mudzauone. Mu 1960 msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party unachitikira kuno, Kamuzu ali pompano. Nthawi imeneyo pa Dwangwa panali chiyani? Madambo ndi udzudzu. Fakitale ya shuga yabwera kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ife boma tili nalo kalekale.

Jah Man wa Kabaza:
Kkkkk madala mwadzuka nazo. Ikangokhala boma ine ndiye DC woyamba, ofesi pa siteji pomwepa, sitampa ndizidindira pa thanki ya njinga.

Dada wa pa Dwangwa:
A Mwana wa Linga, ulemu wanu, koma mtengo wanuwo sitidya. Kuchoka kuno kufika pa boma ndi makilomita pafupifupi 60. Kakalata kamodzi kofuna sitampa, munthu ulawire mbandakucha, uwoloke Bua, ukafike uve kuti abwana ali ku msonkhano, ubwere mawa. Nanga wa ku Dwambazi, kumalire ndi Nkhata Bay uko, atani? Bwerani pa Dwangwa tsiku la malipiro mudzaone komwe ndalama ya boma lino imazungulira.

Mwana wa Linga:
Iwe mwana, ndalama si mbiri. Ine ndaphunzitsa ana a makolo ako. Mzimba ndi yaikulu kuposa boma lina lililonse m'dziko muno, nkhani yoigawa anthu ayikamba zaka ndi zaka, yagawidwa? Ndiye muyambire inu?

Kalaliki Wopuma:
Mayi, funso lanu lili pawiri. Choyamba, maboma m'Malawi muno alipo 28, ndipo lomaliza kubadwa ndi Neno, lomwe linachoka ku Mwanza mu 2003. Lisanabwere limenelo, Balaka inachoka ku Machinga ndipo Phalombe inachoka ku Mulanje mu 1998, Likoma nayo inasiyana ndi Nkhata Bay chapomwepo. Boma latsopano silibadwira pa WhatsApp kapena pakhomo la tchalitchi. Limalengezedwa ndi akuluakulu a dziko ndipo malire ake amasindikizidwa mu Gazette. Awuzeni bambowo akuonetseni pomwe zalembedwa. Ine ndikuganiza kuti akusokoneza ndi zija za MEC, bungwe loyendetsa zisankho, pomwe madera a aphungu anachoka pa 193 kufika pa 229, mawodi a makhansala kuchoka pa 462 kufika pa 509. Kudula dera la phungu sikubweretsa DC.

Chachiwiri, ndipo chachikulu ndi chimenechi: malowo ali pati? Ndi a makolo, a lizi, kapena a khonsolo? Simunanene.

Mayi Busa NaPhiri:
Ine changa ndi chimodzi. Mwamuna ali kunja akuvutika ndi kuzizira, inu mukufuna kutulutsa mamiliyoni mukufunsa pa Facebook? Mwawauza eni ake? Akazi a masiku ano ndi zimenezi, banja mumaliyendetsa ndi ndemanga za anthu osawadziwa. Ndipo za apongozi anuzo simukanazilemba pagulu, ndi amayi anu amenewo.

Chisomo Salon:
Mayi Busa musiyeni munthu, wabwera kudzafunsa za poloti osati ulaliki. Inu apongozi anu mumakhala nawo? Anga anandilanda mafiriji awiri maliro a malemu amuna anga asanathe n'komwe. Sisi gulani malo m'dzina LANU, boma libwere lisabwere. Alamu oterowo ndimawadziwa, tsiku lina adzakutulutsani ndi chikwama chokha.

Mayi Busa NaPhiri:
Ndikupemphererani.

Aphunzitsi a ku Benga:
Ndiloleni ndinenepo, ine ndinagwirako ntchito ku Neno itangokhala boma kumene. Tinkapita tikuganiza kuti tikapeza tauni. Abale anga. Ukangosiya tala, fumbi lokhalokha mpaka pa boma, ukafike tsitsi ndi nsidze zili mbuu ngati watuluka m'chigayo. Nthawi ya dzinja galimoto zinkagona m'matope, ife matumba a ufa pamutu. Nyumba ya lendi yooneka bwino kuipeza kunali kovuta, anzathu ena mabanja anangowasiya ku Mwanza ndi ku Blantyre. Chipatala chenicheni chinadzaoneka atabwera a bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, omwe anayamba ntchito kumeneko mu 2007, ndi amene anathandiza kumanga cha pa boma ndi cha ku Lisungwi. Mnzanga wina anagula malo pafupi ndi maofesi poganiza kuti alemera mawa lomwe. Anakhala zaka akulimapo nandolo. Pomwe amene anagula pa Zalewa, m'boma lomwelo la Neno koma pa M1, pamphambano yopita ku Mwanza, ndi amene anaona phindu msanga. Chimakweza malo ndi msewu ndi malonda, mayi. Chikwangwani cha DC pachokha sichimanga tauni. Dwangwa ili kale ndi M5 ndi fakitale, ndiye ngati malowo ndi abwino ndi abwino lero lomwe, osadikira boma.

Mwana wa Linga:
MWAMVA? Mwamva za Neno? Ndi zimene mukufuna? DC watsopano ndiye kuti galimoto yatsopano, nyumba yatsopano, akuluakulu a zaumoyo, a zamaphunziro, a zaulimi, onsewo malipiro. Ndalama zimene zikanagula mankhwala zithere mipando ya mawiro. Chiyambireni lamulo la makhonsolo la 1998 akhala akutiuza kuti mphamvu zapita ku anthu. Makhansala tinasankha mu 2000, atatha nthawi yawo tinakhala opanda khansala mpaka 2014. Mphamvu zake ziti? Konzani kaye zilipozi.

Dada wa pa Dwangwa:
Nanga Balaka bwanji simukuitchula madala? Lero ndi tauni yoti simungaiyerekeze ndi Linga wanuyo. Ndipo Likoma pa kalembera wa 2018 inali ndi anthu osakwana 15,000 koma ili ndi DC wake. Nkhotakota anthu oposa 390,000, DC mmodzi. Chilungamo chili pati?

Aphunzitsi a ku Benga:
Achimwene, Balaka inali ndi njanji ndi msewu waukulu isanakhale boma. Likoma ndi chilumba, munthu ankadikira Ilala kuti akaone DC ku Nkhata Bay. Musaphatikize.

Mwana wa Linga:
Ndipo Linga usamutchule ndi pakamwa pako pomwe ukutafunira nzimbe.

Jah Man wa Kabaza:
Kkkkkkk a admin bweretsani madzi, kwayaka kuno.

Mayi a Tadala:
Inu mukukangana za DC, ine ndikulira. Madzi osefukira a mu February 2024 anatipeza usiku kwa Kanyenda kuno. Nyumba tinamanga ndi njerwa zootcha, malata 32, simenti pansi. Poloti tinagula m'chilimwe, pouma gwaa, wogulitsa analumbira kuti madzi sanafikepo chibadwire chake. Tinatuluka ndi ana pamapewa, madzi ali m'chifuwa, mbuzi zonse zinapita, tinakagona pa sukulu. Achemwali, musagule malo pa Dwangwa musanafunse anthu oyandikana nawo kuti chaka chija madzi analekeza pati. Yang'anani makoma a nyumba zapafupi, mzere wa matope umaonekabe. Wogulitsa sangakuuzeni.

Chisomo Salon:
Pepani mayi, Mulungu akutonthozeni. Koma sisi mugulebe, kumtunda.

Bro Kenzo Properties:
Mapoloti otsika mtengo ku Salima, Senga Bay ndi Chipoka, mapepala onse alipo. Ndipezeni ku inbox.

Kalaliki Wopuma:
Ndibwerezenso poti zakwiririka. Ngati ndi malo a makolo, lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo, wapampando amakhala gulupu, mamembala ena asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi anthu, atatu mwa iwo kapena kuposa akhale amayi. Kakalata ka anyakwawa kolemba pamanja pa pepala la m'kope sikokwanira. Kuno kwathu malo ambiri ndi a mbumba, ndiye mwamuna mmodzi akhoza kukugulitsani munda wa alongo ake, mawa mudzaone amalume atafika ndi zikwanje. Komanso dera la Dwangwa lili ndi malo ambiri a lizi ndi a alimi a nzimbe, mukhoza kugula pamalo poti mwini wake weniweni ndi wina. Pitani ku ofesi ya malo ku khonsolo ndi wogulitsayo, mukafunse limodzi. Akakana kupita nanu, yankho mwalipeza. Ndalama musapereke pamanja popanda mboni ndi chikalata chosainirana.

Mwana wa Linga:
Ofesi ya malo yomwe ili kuti? KU LINGA. Mwaona? Mubwerabe konkuno kkkk.

Dada wa pa Dwangwa:
N'chifukwa chake tikufuna yathu!! Mwadzigwira nokha madala.

Mwana wa Linga:
Ine sindinagwidwe ndi munthu chibadwire. Ndinkakwera Ilala iwe usanabadwe. Mpunga wa kuno, chambo cha pa Chia, mawira a madzi otentha, nkhalango yomwe analowetsamo njovu 500 zochokera ku Liwonde ndi Majete, zonsezo dzina lake ndi Nkhotakota. Mukadula mudzatenga chiyani, mudzasiya chiyani? Njovu mudzagawana bwanji? Ayankhe amene ali ndi nzeru.

Jah Man wa Kabaza:
Njovu tengani zonse madala, ife tingotenga shuga.

Amalume a Ganizani:
Ine nkhani ya Lachisanuyo ndi imene yandinunkhira. Nanenso anandipanga zomwezo pa Salima, ati pakubwera fakitale, munthu wa ku Lilongwe ali m'njira ndi ndalama m'buti. Ndinagulitsa ng'ombe ziwiri. Pofika tsiku lokayamba maziko ndinapeza anthu ena atatu, aliyense ndi kalata yake, sitampa yofanana. Mlandu wake unatha ine nditatopa ndi mathiransipoti. Munthu wa ku Lilongwe ameneyu amapezeka paliponse pogulitsa malo, koma palibe anamuonapo nkhope.

Mayi Busa NaPhiri:
Si onse opemphera amene ali akuba. Musanyoze mpingo.

Amalume a Ganizani:
Ndatchula mpingo ine?

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse, ndawerenga ngakhale ena mwandilasa. Mayi Busa, bambo a kunyumba ndinawauza, anangoti ona wekha, foni yawo imavuta netiweki. Za apongozi sindinaname, dzulo lomweli atumiza mwana kudzatenga sopo ndi mafuta ophikira osandifunsa. Alamu aja ayambanso kunena kuti poloti ikagulidwa ilembedwe dzina la mchimwene wawo, ndiye a Chisomo mwanena zoona. Bambo ogulitsawo si munthu woti angandinamize, ndi mkulu wa mpingo, ana awo ndimawadziwa. Malowo ndinakawaona, ndi okongola, pali mtengo wa mango waukulu, dothi lake lakuda lofewa bwino, kumunsi kwake kuli timabango pang'ono. Ati DC akabwera maofesi adzamangidwa chapafupi pomwepo. Ndiye mwati boma lija libwera chaka chino kapena chamawa?

Mayi a Tadala:
Mabango?? Achemwali mwati mabango?

Kalaliki Wopuma:
Mayi, mudzi wake ndi uti, gulupu wake ndani, ndipo pepala lomwe akuonetsani ndi lotani?

Mwana wa Linga:
Silibwera chaka chino, silibwera chamawa, silibwera ine ndili moyo. Ndipo iwe Dada sunandiyankhe za njovu.

Dada wa pa Dwangwa:
Ndili pa ntchito madala, ndikuyankhani ndikaweruka. Musachoke.

Chisomo Salon:
Sisi ndilembereni ku inbox, pali mayi wina akugulitsa yake kumtunda kwa msika, mwina atsitsako mukalankhula naye bwino.