Kudula mapuleti okhuthala: gasi kapena plasma?

Wowotcherera wa ku Chinamwali:
Akuluakulu, pamalo anga timapanga mageti, mafelemu a mawindo ndi matanki. Posachedwapa ndayamba kulandira ntchito zofuna mapuleti a mamilimita 10 mpaka 20, ndipo galayinda ikundithera madisiki komanso nthawi. Kodi ndigule zida zodulira ndi gasi kapena makina a plasma, aja odula ndi moto wa magetsi wouluzidwa ndi mpweya wamphamvu?

Mmisiri wa ku Matawale:
Achimwene, yambani mwaona mtundu wa chitsulo chomwe chimabwera kawirikawiri. Gasi amadula motere: lawi la asetilini limatenthetsa puleti kufika madigiri pafupifupi 900, kenako okosijeni wotuluka mwamphamvu amachiwotcha chitsulocho n'kuuluza zotsalira. N'chifukwa chake amadula chitsulo chakuda wamba ngakhale chokhuthala kuposa mamilimita 100, koma pa aluminiyamu ndi stainless steel amalephera, popeza zitsulo zimenezi zikatentha zimapanga khungu pamwamba lomwe silisungunuka msanga. Ine ndingasankhe gasi chifukwa magetsi akathima ntchito siyima, ngakhale kuti kudzazitsa masilinda kumafuna ndalama nthawi ndi nthawi.

Mayi wa ku Mpondabwino:
Bambo a ku Matawale anena zoona, komabe pa mamilimita 10 plasma imathamanga kuposa gasi, mzere wake ndi wopapatiza, ndipo puleti silipindika kwambiri ndi kutentha. Imadulanso chitsulo chilichonse chomwe magetsi amadutsamo. Chomwe ogulitsa satchula ndi mpweya: makinawa amafuna kompulesa yopereka mpweya wouma, ndipo kuno m'munsi mwa phiri la Zomba, nyengo ya dzinja chinyezi chimachuluka moti mukapanda kuika fyuluta yochotsa madzi, manozo (timilomo takunsonga totulukira moto) amatha msanga. Kuti mudule mamilimita 20 mosalala pamafunikanso makina aakulupo, omwe ambiri mwa iwo amafuna magetsi amphamvu obwera pa mawaya atatu amoto, otchedwa three-phase.

Mmisiri wa ku Matawale:
Ndiwonjezereko za mashiti opyapyala a matankiwo. Amenewo musawayandikize ku lawi, chifukwa amapotoka; gilotini (makina odula mashiti ndi chimpeni chachitali) imawadula mwaukhondo malinga mzere ukhale wowongoka. Ngati ndi opakidwa zinki ngati malata, utsi wake akatenthedwa umadwalitsa. Laser (makina odula ndi kuwala kwamphamvu) ndi makina odula ndi madzi osakaniza mchenga wa mwala wolimba wa garnet amadula mwaluso zedi, koma mtengo wake umabwerera pafakitale yodula tsiku ndi tsiku basi.

Wowotcherera wa ku Chinamwali:
Zikomo nonse. Pamalo anga palibe three-phase, ndipo pafupifupi zonse zomwe ndimadula ndi chitsulo chakuda, choncho ndiyamba ndi gasi. Kodi pa mamilimita 20 nozo yoyenera ndi ya saizi yanji?