Tabwerako ku Mandimba, zikomo nonse munandiyankha

Abale ndi alongo, mwezi watha ndinafunsa zoti tinyamule chiyani pa ulendo wa mpingo wathu wopita ku Mandimba, m'dziko la Mozambique, kukathandiza kufolera tchalitchi chomwe denga lake linasasuka ndi mphepo. Zikomo kwambiri nonse amene munandiyankha.

Tinatsatira malangizo a mayi aja amene anati tisasenze mabelo a kaunjika, koma tisonkhe ndalama tikagule malata ndi misomali komweko. Anaona patali mayiwa. Pa chipata cha Chiponde tinadutsa mosavuta, pasipoti kumanja, pomwe gulu lina la galimoto yodzaza katundu linakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka. Denga tinamaliza m'masiku 5.

Chimene sitinachiganizire ndi chilankhulo. M'maofesi ndi Chipwitikizi, koma kumudzi Chiyao cha kwathu kuno ku Mangochi n'chimene chinatipulumutsa. Ine wodziwa "sikomo" yekha ndinkangomwetulira ngati mkamwini watsopano! Mukamapita, tenganani ndi munthu wodziwa Chiyao bwinobwino.

Makwacha musinthiretu kukhala meticais musanalowe mumsika, ndipo neti ya udzudzu musaiwale. M'bale wathu wina anaisiya, wabwera ndi malungo, panopa akumwa LA.