Gulu la banja: makope a malemu Aprofesa

Azakhali (Kasungu): Mwaswera bwanji nonse. Lero ndatsegula chipinda cha malemu achimwene kuti ndisese mvula isanagwe. Ana inu, chiswe chalowa. Katoni yomwe inatsamira khoma ija yadyeka theka, pansi pake ndawola dothi lokhalokha. Mathiranki awiri aja ali bwino.

Achemwali (Joni): Mayo ine! Munali chiyani m'katonimo, azakhali?

Azakhali (Kasungu): Zambiri ndi zotayipa. Koma munalinso kope lachikuto chofiira, ngodya imodzi yapita. Dzanja lawo lomwe lija, tizilembo tating'ono ngati nyerere. Pa tsamba loyamba analemba kuti "Kwa Mwase", m'munsimu maina a nkhalamba zomwe anacheza nazo. Ndakhala pansi kulira.

Msuweni (Zomba): Amayi, chonde musalipukute ndi nsalu yonyowa, musaliyanikenso padzuwa. Kope limenelo ndi golide. Nkhondo ya mfumu Mwase ya ku Kasungu ndi azungu ya mu 1895 ife timaiwerenga kwambiri m'malipoti a omwe anapambana. Atsibweni analemba zomwe ananena ana ndi adzukulu a anthu amene anaiona ndi maso. Nkhalambazo zonse zinatsikira kulichete, sitingazifunsenso.

Bambo aang'ono: Ndikulidziwa kopelo. Achimwene analowa Chancellor College isanachoke ku Chichiri, ndipo pomwe koleji imasamukira ku Zomba mu 1973 thiranki yobiriwirayo inasamuka nawo. Tchuthi chikafika sankakhala pakhomo. Ankabwereka njinga yanga, wailesi ya kaseti ataikulunga m'chitenje cha amayi, ulendo kwa Chulu, kwa Kaomba, mpaka kwa Santhe. Mabatire akatha ndine ndinkathamangira ku boma. Masiku amenewo kulemba mbiri ya Kasungu, kwawo kwa Kamuzu, kunkafuna kuyang'ana uku ndi uku. Makope ena anagona m'nkhokwe yathu dzinja lonse. Ndiye ine maganizo anga, katunduyu asachoke pakhomo pano.

Achemwali (Joni): Bambo, ndakumvani ndipo sindikuderera mawu anu. Koma pakhomopo ndi pomwe chiswe chawapeza. Adadi anaphunzitsa mbiri mpaka kupuma ntchito, ankadandaula tsiku ndi tsiku kuti Amalawi timataya zolemba. Ife ana awo tichitenso zomwezo?

Mzime: Ndiulule pano. Chaka chatha ndinapeza ana akuyatsira mbaula mapepala a m'chipindamo. Ndinawalanda, koma masamba angapo anali atapsa kale. Ndinaopa kunena.

Msuweni (Zomba): Kuno malo alipo awiri. Laibulale ya yunivesite ili ndi chigawo cha Malawiana, chosungira mabuku ndi zolemba zokhudza Malawi, komanso National Archives, nkhokwe ya boma ya zolemba zakale, ili konkuno ku Zomba. Lolemba ndikhoza kukafunsa konse kuwiri momwe amalandirira mapepala a munthu, ndiponso ngati banja lingaike malire pa zomwe anthu aziwerenga. Tisanapereke chilichonse ndijambula tsamba lililonse, aliyense akhale nazo pa foni.

Azakhali (Kasungu): Alamu ali pompano, ndawawerengera zonse. Akuti makope ndi zolemba za kuntchito zipite, amuna awo sanazilembere mbewa. Koma makalata omwe ankawalembera ali kusukulu kunja, aja omanga ndi kansalu ka buluu, asakhudze munthu. Akuti amenewo adzapita nawo okha.

Achemwali (Joni): Auzeni amayi kuti palibe adzawatsegule.

Bambo aang'ono: Poti mwini nyumba walankhula, sindikanganso. Koma ziwiri izi mundimvere. Choyamba, m'makopemo muli zina zomwe akuluakulu a kudambwe anawauza achimwene chifukwa anali wometa. Za Gule sizipita pa shelefu kuti aliyense aziwerenga. Ndisanthula ndekha kope lililonse, ndipo iwe wa ku Zomba usajambule ndisanaone. Chachiwiri, tikawadziwitse amfumu. Maina ali m'menemo ndi a makolo a anthu, eni ake alipo.

Msuweni (Zomba): Ndamva atsibweni, nditsatira.

Mzime: Nanga makaseti? Ndinawawerenga pa maliro paja, adzadza chitini cha mabisiketi. Imodzi inalembedwa kuti "Mayi, nyimbo za pamtondo".

Azakhali (Kasungu): Ati chiyani? Mawu a amayi anga ali m'nyumba muno zaka zonsezi ine osadziwa?

Achemwali (Joni): Mzime, usaiike mu wailesi iliyonse, tepi yakale imaduka. Msuweni afunse kaye amene amadziwa kusamutsira mawu pa kompyuta. Ine nditumiza ya thiransipoti ndi makatoni atsopano pa Airtel Money ya azakhali mawa.

Bambo aang'ono: Tikumane Loweruka m'mamawa. Achemwali anga muli m'nyumbamo, pakadali pano mathirankiwo akwere pa njerwa, atalikire khoma.

Azakhali (Kasungu): Ndakweza kale. Koma kaseti ya amayiyo isapite ku Zomba ndisanaimve.