Epi (bala lowonjezera njira pobereka) yatseguka tsiku la 5 mayi atabereka, ndisokenso kapena ayi?

Mzamba, health centre: Anzanga ndithandizeni msanga. Primi (mayi wa mimba yoyamba) wina tinamuwonjezera njira Lachinayi, lero wabwera bala latseguka, ulusi ukulendewera, mafinya pang'ono komanso kafungo. Apongozi ake ali pakhomo pompano akuti musokeni tizipita. Lignocaine (mankhwala ochititsa dzanzi) ndili naye, ulusi wa chromic 2/0 uliponso. Ndisoke?

Sister wa postnatal: Ayi mwanawe usasoke. Bala la mafinya ukalitseka ndiye kuti watsekera matenda mkati, pakutha masiku awiri litsegukanso ndipo lidzakhala loipa kuposa pano. Chotsa ulusi wonse wotayirirawo, tsuka ndi normal saline, tinyama takufa uchotse mpaka uwone pofiira. Temperature wamuyeza?

Mzamba, health centre: 38.2 a Sister, pulse 104, m'mbali mwa bala motupa ndi mofiira

Clinical officer: Fever imeneyo musangoinamizira bala ayi, gwirani chiberekero ngati chikupweteka, nunkhizani lochia (zotuluka kumaliseche mayi akabereka), mabere muwone, malungo muyezenso. Koma funso langa lalikulu ndi ili asisi, munapanga PR (kuyeza ndi chala kotulukira chimbudzi)? Nthawi zina epi imang'ambika kupitirira mpaka sphincter (mnofu wotseka kotulukira chimbudzi) koma usiku ndi tochi munthu osaona, wangosoka pamwamba basi. Mufunseni ali yekha, apongozi atuluke kaye, ngati mphweya kapena chimbudzi chikumangotuluka osatha kugwira. Pamaso pa apongozi sanganene zimenezo olo pang'ono.

Sister wa postnatal: Eya zoona. Ngati matenda sanalowe mkati kwambiri, buku la WHO la mavuto a pakati ndi pobereka limati ampicillin 500mg kanayi patsiku ndi metronidazole 400mg katatu patsiku masiku 5. Kunyumba azisamba madzi aukhondo, asinthe nsalu pafupipafupi, zitsamba asaikemo chonde, azimayi akuluakulu amakonda zimenezo.

Mzamba wina: Koma pepani ndifunse, epiyo inali ya chani? Fetal distress (mwana kubanika m'mimba) kapena vacuum (kukoka mwana ndi chipangizo)? Chifukwa zoti primi aliyense lumo zinatha kale, WHO 2018 inakana routine epi. Mastudent amabwera akudziwa zimenezi koma akafika mu ward timawaphunzitsa zakale ndife tomwe.

Mzamba, health centre: Fetal heart (kugunda kwa mtima wa mwana) inatsika mutu uli pa perineum, pafupi kutuluka. Ndamufunsa tsopano, akuti mphweya ukumangotuluka kuyambira tsiku lobereka, amachita manyazi kunena.

Clinical officer: Basi ameneyo ndi wa ku district, itanani ambulansi. Tsukani, first dose mpatseni, lembani pa referral kuti suspected third degree (kung'ambika kofika pa sphincter), ndipo asasokedwe mpaka adokotala amuwone ku theatre.

Mzamba, health centre: Ndaimba, akuti mafuta alipo lero. Ndikukalankhula ndi apongozi aja.