Ndaitanidwa ku mwambo wa Diwali, ndinyamule chiyani?

Abale anga, ndigawireniko nzeru. Mnzanga wachihindu amene timagwira naye ntchito ku Limbe wandiitanira kwawo madzulo a Diwali, chikondwerero cha nyale cha Ahindu, pamene banja lawo limapereka nsembe kwa Lakshmi, mulungu wawo wamkazi wa chuma. Zovula nsapato pakhomo ndikuzidziwa, komanso kuti nyama sayandikitsa n'komwe. Chandizunguza mutu ndi mphatso. Nthochi ndi kokonati zingakwane, kapena ndiwonjezere maluwa? Wina anandichenjeza kuti duwa lokapereka nsembe salinunkhiza.

Nanga akamayendetsa mbale ya nyale yoyaka pa mapemphero, anthu n'kumaika manja pamwamba pa lawi kenako kumaso, ine mlendo ndingoima chete? Prasad, zotsekemera zomwe amagawa akatha kupemphera, ndilandire ndi dzanja lamanja lokha kapena awiri? Ndikuopa kukachita manyazi pamaso pa amayi ake.