Agogo amazunzidwa kumalo osamalira okalamba, tikadandaule kuti?

Abale ndi alongo, ndithandizeni nzeru, mutu waima. Agogo anga, mayi awo a bambo, tinawapititsa kumalo ena osamalira okalamba kuno ku Kasungu atadwala sitiroko, poti masana pakhomo sipakhala munthu. Timalipira mwezi ndi mwezi osaphonya.

Loweruka ndinawapeza atagona pa zofunda zonyowa ndi mkodzo, kumsana kuli zilonda, mkono utatupa. Atandiona anangogwira chitenje changa n'kuyamba kulira. Anandinong'oneza kuti akapempha kupita kuchimbudzi usiku amawakalipira. Mankhwala a BP omwe ndinasiya mwezi watha anali osatsegula n'komwe. Ndawatenga, ali kwathu, ndipo zilondazo ndazijambula pafoni.

Tsono tiyambire pati? Ku ofesi ya Social Welfare paboma, kapena ku Victim Support Unit kupolisi? Amalume akuti tiyambe tatenga kalata kupolisi yokawapimitsira kuchipatala kuti pakhale umboni, kodi ndi momwemo? Nanga lamulo loteteza okalamba la Older Persons Act la 2024 lija limakhudzanso malo ngati amenewa? Loya sitingamukwanitse, kodi a Legal Aid Bureau amathandiza pa mlandu wofuna chipukutamisozi?

Chikundisowetsa tulo n'chakuti kumeneko kwatsala agogo ena omwe abale awo sabwera kudzawaona.