Nkhope zikuda, diresi ikuyera mopitirira: ndichite bwanji?

Akuluakulu ndi anzanga okonda kujambula, ndikupempha nzeru zanu. Mwezi wamawa ndidzajambula ukwati wa mchemwali wanga ku Zomba, ndipo akwatiwo akufuna zithunzi zapanja cha m'ma 12 koloko, dzuwa lili paliwombo. Kamera yanga ndi Canon EOS 600D yokhala ndi lenzi ya 18-55mm.

Poyeserera sabata yatha, ndinatchera kamera pa ISO 100 (mmene kamera imamvera kuwala), f/8 (kukula kwa bowo lolowera kuwala mu lenzi) ndi liwiro lojambulira la 1/400 ya sekondi. Diresi yoyera inaoneka bwino, koma nkhope za anthu akhungu lakuda ngati ife zinada kwambiri moti maso sankaoneka. Nditawonjezera kuwala kuti nkhope ziwale, diresi ija inangoyera mbee, mikanda ndi zokongoletsa zake zonse n'kuzimiririka.

Kodi ndi bwino kuyatsa flash masana, poti kamerayi siyilola kupyola liwiro la 1/200 flash yake ikayaka, kapena ndiwaimike pamthunzi wa mtengo? Nanga mu Lightroom (pulogalamu yokonzera zithunzi), pa zithunzi za RAW (zosakonzedwa ndi kamera), ndikweze Shadows (chowalitsira malo akuda pachithunzi) kufika pati khungu lisanayambe kutuwa ngati phulusa? Mchemwali ndili naye mmodzi yekhayu, ndipo sindikufuna kumuwonongera zithunzi za tsiku lake.